Mwana wanga, usafulumire kumuseka Sauli



Ndalandira zimene wakonza kukalalikira achinyamata pa 1 Samueli 15, ndipo mtima wanga wadzala poona kuti mpingo wayamba kukusenzetsa katundu wotere. Malemba wawasanthula, chilankhulo chako n'chomveka. Koma pa Sauli wathamanga. Wamujambula ngati munthu wamwano, wouma mutu, chosamva chija adachiphikira m'masamba. Ukakalalikira choncho anzako adzaseka, adzavomera ndi ameni wamphamvu, kenako aliyense adzapita kwawo ali mtima mbee, poti palibe amene amadziona ngati chitsiru. Ndasankha kukuyankha poyera chifukwa alaliki ambiri amamutenga motero munthu ameneyu, ndipo potero amataya chimene nkhani yake inalembedwera.

Bwerera kaye ku chaputala 8. Aisraeli sanapemphe mfumu chifukwa cha kukhuta. Samueli anali atakalamba, ana ake Yoweli ndi Abiya ankaweruza milandu ku Beereseba molandira ziphuphu, ndipo Afilisti anali atawakhala pakhosi. Chaputala 13 chimatiuza kuti m'dziko lonse la Israeli munalibe wosula zitsulo. Munthu akafuna kunoletsa khasu kapena nkhwangwa ankapita kwa Afilisti omwewo, n'kulipira. Samueli anawachenjeza kuti mfumu idzatenga ana awo aamuna kukhala asilikali, ana aakazi kukhala ophika, ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a zokolola zawo. Iwo anaumirira. Walira mvula walira matope. Ufumu umene Sauli anaulandira, zaka pafupifupi 1,000 Yesu asanabadwe, unali wa anthu amantha, opanda zida, ndipo wodzoza mfumuyo mwiniwake sankaufuna.

Tsono taona mnyamata amene anasankhidwa. Tikumupeza koyamba akusaka abulu a bambo ake, Kisi. Wayenda mtunda wautali osawapeza, ndipo chimene chikumudetsa nkhawa n'chakuti bambo ake ayamba kudandaula za iye m'malo mwa abuluwo. Wantchito wake atamulangiza kuti akafunse kwa mneneri, iye anamvera wantchitoyo. Pa tsiku lomuonetsa kwa anthu ku Mizipa anakabisala pakati pa akatundu, munthu wamtali kuposa onse. Ena atamunyoza n'kukana kumupatsa mphatso, iye anangokhala chete, nabwerera kumunda. Uthenga wakuti Nahasi, mfumu ya Aamoni, wazinga Yabesi-Gileadi ndipo akufuna kukolowola diso lamanja la munthu aliyense wa mumzindamo unamupeza akuchokera kolima, ali pambuyo pa ng'ombe. Anasonkhanitsa Israeli, nawapulumutsa anthu aja. Atapambana, omutsatira anafuna kupha onse amene anamunyoza poyamba, koma iye anakaniza. Mwana wotere, kholo lililonse likanamunyadira. Ine ndikanamunyadira.

Pa Giligala ndi pamene ndikufuna uchedwepo. Samueli anali atamuuza kale, pa tsiku lomudzoza, kuti akadikire kumeneko masiku 7 mpaka iye atafika kudzapereka nsembe ndi kumuuza chochita. Afilisti anamanga misasa ku Mikimasi ndi magaleta ndi apakavalo 6,000. Aisraeli anayamba kulowa m'mapanga, m'zitsamba ndi m'maenje, ena n'kuwoloka Yordano. Sauli anali ndi asilikali osankhika 3,000, koma atawerenga otsala nawo anapeza ngati 600 okha. Pa onsewo, lupanga ndi mkondo zinali ndi iye ndi mwana wake Jonatani basi. Anadikira tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza. M'mawa uliwonse ankadzuka n'kupeza malo amene dzulo panagona anthu ali pululu.

Iwe wakhalapo pamaliro pamene abusa achedwa. Adzukulu amaliza kalekale kumanda, akutumiza mawu kuti bwanji kodi. Dzuwa lapendeka, mitambo yakuda yasonkhana, a kutali ayamba kunyamuka mmodzimmodzi kuti apeze galimoto. Maso onse ali pa mkulu wa mpingo amene alipo. Wina amunong'oneza kuti, "Akulu, tangoyambani, anthu atha." Ndani mwa ife angamudzudzule mkuluyo akatsegula buku la nyimbo? Sauli anali pamalo otero, kungoti kwa iye kuchedwako kunali nkhani ya moyo ndi imfa. Anaitanitsa nyama, napereka nsembe yopsereza. Utsi usanathe, Samueli anatulukira.

Owerenga amasiyana maganizo pa chimene chinalakwika apa. Ena amati tchimo lake linali kugwira ntchito ya wansembe iye ali mfumu. Koma Malemba amanenanso za Davide ndi Solomo akupereka nsembe popanda kudzudzulidwa, ndiye ine sindikhulupirira kuti nkhani yagona pamenepo. Anauzidwa kudikira mawu, ndipo sanadikire mpaka mapeto. Atafunsidwa, zifukwa zake zinali zoona zokhazokha: anthu akubalalika, Samueli wachedwa, adani ali pafupi. Palibe bodza ngakhale limodzi. Chimene chinamuyendetsa dzanja ndi misana ya anthu amene ankachoka. Ndipo chaputala chotsatira chimaonetsa kuti kuwerenga mitu kuja kunali kosafunika, chifukwa amene anayambitsa chipwirikiti mumsasa wa Afilisti anali anthu awiri okha, Jonatani ndi mnyamata womunyamulira zida, atakwera thanthwe chokwawa.

Mu chaputala 14 chomwecho muli chinthu chimene sunachitchule n'komwe. Sauli anali munthu wopembedza kwambiri. Analumbiritsa asilikali kuti asadye kanthu mpaka madzulo, lamulo limene Mulungu sanapereke. Jonatani, amene sanamve za lumbirolo, anaviika nsonga ya ndodo yake mu uchi n'kulawa. Madzulo anthu, atalefuka ndi njala, anagwera nkhosa ndi ng'ombe n'kumadya nyama ya magazi, chinthu choletsedwa m'chilamulo. Sauli anaitanitsa mwala waukulu kuti aziphera pamenepo moyenera, namanganso guwa. Kenako maere atagwera Jonatani, bamboyo anali wokonzeka kupha mwana wake chifukwa cha kadontho ka uchi, mpaka anthu anachita kumulanditsa. Lamulo lodzipangira yekha analigwira ndi manja awiri mpaka kufuna kukhetsa magazi a m'nyumba mwake, pamene lamulo lopatsidwa analimasula litangoyamba kumufinya. Anthu otere m'mipingo mwathu alimo ambiri, ndipo kawirikawiri ndi amene timawayamikira kuti ndi olimba.

Tifike tsopano pa chaputala chako. Usachilalikire ngati nkhani yopepuka, chifukwa si yopepuka. Lamulo limene Samueli anabweretsa linali lakuti Aamaleki awonongedwe onse, amuna, akazi, ana ndi makanda omwe, pamodzi ndi ziweto, chifukwa cha zimene mtunduwo unachitira Aisraeli potuluka mu Ejipito, pamene unakantha ofooka otsalira m'mbuyo. Mtsikana wina pagulu lako adzafunsa kuti khanda linalakwanji. Usamukalipire, ndipo usamuyankhe mwachidule ngati wafunsa zachibwana. Ayuda ndi Akhristu alimbana nalo funso limeneli kwa zaka mazanamazana, ndipo ine likundilemerabe. Chimene uyenera kunena mosazengereza n'chakuti palibe munthu lero, kaya mtsogoleri wa dziko kaya mneneri, amene ali ndi chilolezo chotchula mtundu wina kuti Amaleki. Yesu anatilamula kukonda adani athu, ndipo ife timawerenga Samueli titaima pamenepo.

Koma usalolenso wina anene kuti Sauli anakanidwa chifukwa cha chifundo. Tayang'ana amene anamusiya ndi moyo. Makanda sanawasiye. Amayi sanawasiye. Ziweto zowonda ndi zachabechabe anazipha zonse. Anasunga Agagi, mfumu inzake, woyenera kuyenda naye pachionetsero cha kupambana, ndiponso nkhosa ndi ng'ombe zonenepa. Anamvera lamulo paliponse pamene kumverako sikunamutayitse kanthu. Pobwerera anaima ku Karimeli n'kudziimikira chipilala cha chikumbutso, mnyamata uja anabisala m'katundu. Usiku umenewo Samueli anachezera kulira kwa Mulungu.

Kukambirana kwa awiriwa ku Giligala ukuwerenge pang'onopang'ono, chifukwa Sauli akusuntha ngati munthu amene akubwerera m'mbuyo pofuna potsamira. Akuyamba ndi moni wansangala, akunena kuti wachita zonse. Samueli akumufunsa za kulira kwa nkhosa ndi ng'ombe kumene kukumveka kuseri. Sauli akuti ndi anthu amene anazisunga, ndipo anazisungira nsembe. Atapanikizidwa akubwerezanso zomwezo. Apa ndi pamene Samueli akumuuza kuti Mulungu amafuna khutu la munthu kuposa nyama ya paguwa, mawu amene wawaika pamutu pa ulaliki wako. Ndiye pa vesi 24 Sauli akuvomera kuti wachimwa, n'kutchula chifukwa chake chenicheni: anaopa anthu, nachita zimene iwo ananena. Vesi limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse. Sauli anali womvera kuyambira ubwana wake. Anamvera bambo ake, anamvera wantchito, anamvera asilikali. Vuto linali lakuti mawu a amene ali pafupi, amene angathe kumuombera m'manja kapena kumuthawa, ankamveka mokweza kuposa mawu a Mulungu. Ndipo pa vesi 30, atauzidwa kale kuti ufumu wang'ambidwa ngati mkanjo wa Samueli umene iye anaugwira n'kuung'amba, chimene akupempha n'chakuti mneneriyo amulemekeze pamaso pa akuluakulu ndi pamaso pa Israeli. Ufumu ukupita, iye maso ali pa anthu.

Izi zikukukhudza iwe mwini, mwana wanga, chifukwa ndimakudziwa. Uli ndi mtima wofewa, sukonda kuona munthu atakukwinyira nkhope, ndipo chimenechi ndi chimene anzako anakusankhira. Tsiku lidzafika pamene ndalama zimene munasonkhera fizi ya mwana wamasiye zidzakhala m'manja mwako, a kwaya n'kubwera kudzati tigule kaye zokuzira mawu, inunso mukudziwa kuti ndi ntchito ya Mulungu, apo ayi ife tikayimba kwina. Sadzakuuza kuti uzibe. Adzakupatsa chifukwa chopatulika, monga nsembe ya Sauli ija, ndipo udzaona misana ikutembenuka. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa tsiku limenelo udzamumvetsa Sauli kuposa lero.

Mwina ufunsa kuti nanga Davide bwanji. Anatenga Bateseba, mkazi wa Uriya, napangitsa kuti mwamunayo afe kunkhondo, komabe ufumu sunachoke m'nyumba mwake. Poyerekeza ndi zimenezo, nkhosa za Sauli n'chiyani? Arabi akale a Chiyuda, m'buku lawo la Talmud, anadabwa nazonso zimenezi, kuti wina analakwa kamodzi n'kutaya zonse pamene mnzake analakwa kawiri n'kukhalabe. Yankho lathunthu lili ndi Mulungu, amene amasankha monga afunira. Koma chimene maso athu angaone ndi ichi: mneneri Natani atamuloza chala, Davide anavomera pomwepo, sanatchule Yowabu amene anamuthandiza, sanatchule Bateseba, sanapemphe kuti nkhaniyo ikhale yachinsinsi. Usawauzenso achinyamata kuti iye anapulumuka ulele. Mwana amene Bateseba anamuberekera anamwalira, mwana wake Amnoni anagwirira mlongo wake Tamara, mwana wake wina Abisalomu anapha Amnoni kenako n'kuukira bambo ake. Anakhululukidwa, koma zipatso za tchimo lake anazidya mpaka ukalamba.

Pali chaputala china chimene ndikupempha uchiwonjezere, ngakhale chikutalikitsire ulaliki. Ndi 1 Samueli 22. Nsanje itamulowa chifukwa cha nyimbo ya amayi imene inapatsa Davide chiwerengero choposa chake (taonanso, mawu a anthu), Sauli anamva kuti wansembe Ahimeleki wa ku Nobi anapatsa Davide mkate ndi lupanga la Goliati. Ahimeleki anachita zimenezo mosadziwa kuti pali mkangano. Sauli analamula asilikali omulondera kuti aphe ansembe onse. Asilikaliwo anakana. Anaima chilili pamaso pa mfumu yodzozedwa, yonyamula mkondo, osatambasula dzanja. Amene anamvera anali Doegi wa ku Edomu, mkulu wa abusa a ziweto za mfumu, ndipo tsiku limenelo anapha ansembe 85. Mzinda wa Nobi unakanthidwa wonse, amuna, akazi, ana, makanda, ng'ombe, abulu ndi nkhosa. Anapulumuka Abiatara yekha, mwana wa Ahimeleki. Zimene Sauli analephera kumaliza pa Amaleki atalamulidwa ndi Mulungu, anazimaliza bwinobwino pa ansembe a Mulungu atalamulidwa ndi mantha ake. Arabi aja analumikiza nkhani ziwirizi kalekale, ndipo anaona bwino.

Ndikulimbikira pa Nobi chifukwa mawu akuti kumvera ndi oopsa akagwera m'kamwa molakwika. Ife a msinkhu wanga tinakula tikuloweza nsanamira zinayi za nthawi ya Kamuzu Banda: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafa ku Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Manja amene anagwira ntchito imeneyo anali a anthu omvera. Ukakaima pamaso pa achinyamata n'kungofuula kuti mverani, mverani, osawaonetsa asilikali a ku Nobi, ukhoza kulera a Doegi uli ndi Baibulo m'manja.

Zomwezo zikuchitika m'mipingo ina lero, kumene munthu wa Mulungu akalankhula palibe wofunsa, ndipo wofunsayo amauzidwa kuti asakhudze wodzozedwa. Amatengera nkhani ya Davide amene anakana kupha Sauli kuphanga la ku Engedi, ndiponso paphiri la Hakila pamene anangomutengera mkondo ndi chikho cha madzi. Zoonadi sanamuphe. Koma anatuluka m'phangamo atanyamula kansalu kamene anadula ku mkanjo wa mfumu, n'kuidzudzula mokweza asilikali ake akumva. Ndipo Sauli atalira n'kumuitana kuti mwana wanga, Davide sanabwerere kunyumba yachifumu. Anapitiriza ulendo wake. Kulemekeza wodzozedwa sikunamutseke pakamwa, ndipo sikunamubwezere pamalo pomwe mkondo ukanamupeza. Mtsikana amene abusa akumuitanira kuchipinda usiku kuti akamupempherere ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa iwe.

Mathero a Sauli ndi achisoni. Samueli atamwalira, Afilisti atasonkhana ku Sunemu, iye anafunsira kwa Mulungu koma sanayankhidwe, kaya m'maloto, kaya mwa ansembe, kaya mwa aneneri. Ansembewo n'kuti atawapha yekha. Anavala zodzibisa n'kupita usiku kwa mayi wobwebweta mizimu ku Endori, pamene iye mwini ndiye anathamangitsa anthu otere m'dzikomo. Atamva kuti mawa lake afa pamodzi ndi ana ake, anagwa pansi chathasa, asanadye kanthu usana wonse ndi usiku. Mayi uja anapha mwana wa ng'ombe wonenepa, naphika mkate, namukakamiza kudya. Paphiri la Giliboa anafa Jonatani, Abinadabu ndi Malikisuwa, ndipo Sauli, atalasidwa ndi mivi, anagwera lupanga lake. Afilisti anamudula mutu, napachika thupi lake pakhoma la Betisani. Buku la 1 Mbiri, chaputala 10, limapereka chigamulo mosabisa, kuti anafa chifukwa cha kusakhulupirika kwake.

Chigamulocho n'choona ndipo usachifewetse. Koma taona mmene anthu a m'nkhaniyo anamuchitira. Samueli, amene anamuuza mawu owawa aja, anamulira mpaka Mulungu anachita kumufunsa kuti alira mpaka liti. Amuna a ku Yabesi-Gileadi, amene maso awo anapulumuka chifukwa cha iye, anayenda usiku wonse kukatsitsa mitembo pakhoma paja, naika mafupa pansi pa mtengo kwawo, nasala kudya masiku 7. Davide, amene anasakidwa ngati nyama zaka zambiri, anang'amba zovala zake n'kupeka nyimbo ya maliro imene sinatchule cholakwa cha Sauli ngakhale chimodzi. Zaka zoposa 1,000 pambuyo pake, banja lina la fuko la Benjamini, fuko la Sauli, ku Tariso linatchabe mwana wawo dzina la mfumuyi, ndipo mwanayo ndi amene timamudziwa kuti mtumwi Paulo. Ngati amene anamudziwa ndi kuvutika naye sanamuseke, iwe ndi ine tilibe malo omusekera.

Choncho konzanso ulaliki wako. Chotsa nthabwala ija ya nkhosa zolira, ngakhale ndikudziwa kuti ikanaseketsa. Uwerenge mavesi 24 ndi 30 mofatsa, kenako utsegule chaputala 22, uwafunse anzako kuti pa sabata yathayi anamvera ndani ndipo chifukwa chiyani. Funsolo uyambe wadzifunsa wekha usanakwere paguwa. Mayi ako akupereka moni, ndipo akuti ukamaliza Lamulungu utiimbire foni utiuze zimene achinyamatawo anafunsa.

Ndine bambo ako.